Malata Amene Anadza Pansi pa Makabati a Boma

Area 9,
Lilongwe.

Wezi mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe utapita ku Msika wa Lilongwe kukagula mapoto ndi makatani a nyumba yako yatsopano. Ndikudziwa kuti ukabwera titanganidwa ndi kulongedza, madzulo n'kufika azakhali ako kudzatsanzikana nawe, ndiye mawu anga asowa polowera. Abambo ako ali pakhondepa. Akuti akumvera wailesi, koma wailesiyo yakhala ikungolira phokoso kuyambira kale iwo osaikonza.

Mawa ukukwera basi ya ku Mzuzu kukayamba ntchito yoyang'anira zomanga ndi kukonzanso nyumba za pakoleji. Dzana unandifunsa kuti, "Amayi, amisiri aja ndi akuluakulu, ena msinkhu wa adadi. Akandimvera ine?" Ndinaseka, iwe n'kukwiya. Sindimaseka iwe, mwana wanga. Ndimaseka chifukwa funso lomwelo linatuluka pakamwa panga ndili wamng'ono kuposa iwe. Hositelo ija timaidutsa popita kutchalitchi, imene alongo ako amaitchula moseka kuti "nyumba ya amayi", sindinakufotokozerepo bwino mmene inamangidwira. Lero ndikuuza, ndipo malangizo anga uwatole m'menemo.

Nthawi imeneyo likulu la dziko linali kusamuka kuchoka ku Zomba. Lilongwe amene ukumudziwa iweyu kunalibe. Kunali tauni yakaleyi basi: msika, masitolo a amwenye, mlatho, ndi nyumba zowerengeka za boma. Kumene lero kuli mabanki ndi maofesi a akazembe kunali thengo ndi minda, kenaka kunalowa mathirakitala. Fumbi lofiira linkatera paliponse, m'tsitsi, m'mabuku a nyimbo, ngakhale m'tiyi. Malole ankafika tsiku ndi tsiku atasenza matebulo ndi makabati a maunduna, mabanja akutsatira pambuyo ndi mabedi awo. Koma atsikana ambiri a kusekondale ankatsala ku Zomba m'manja mwa achibale, chifukwa kuno malo ogona pasukulu anali osakwanira. Makolo awo ankabwera ku ofesi ya sukulu yathu atavala masuti, n'kubwerera nkhope zili zakugwa.

Ine ndinali kalaliki wotaipa makalata pasukulu ya atsikana ya mpingo wathu, mwana wa ku Mitundu wosadziwa kusiyanitsa mchenga womangira ndi wa pulasitala. Mpingo unagwirizana zokonzanso hositelo yakale, imene chiswe chinali chitadya mitanda yake ya denga, ndi kuiwonjezera mbali ina yatsopano. Ntchito itangoyamba, bambo amene ankaiyang'anira anapeza malo ku unduna wina ku City Centre, n'kupita. Masiku amenewo munthu aliyense wodziwa kuwerenga pulani ankalimbiranidwa. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Chirwa, mayi wamtali wa ku Rumphi wosakonda mawu ambiri, anandiitana.

"Nyabanda," ankanditchula choncho mwa kwawo, "kuyambira mawa taipi uisiye. Uziyang'anira zomanga."

"Ine, mayi? Amisiri aja akandimvera ine?"

"Ine ndimakumvera ukandiuza kuti kalata yanga ili ndi mawu olakwika. Iwowo ndi ndani?"

Nkhani inathera pomwepo. Wezi, amene akupatsa ntchitoyo anaona anthu ambiri n'kusankha iwe. Usakafike kumeneko n'kuyamba kufunsa aliyense ngati ukuyenera. Funso limenelo linayankhidwa kale.

Kontirakitala wathu anali a Mbewe a ku Nathenje, bambo wojintcha wa chipewa chosachoka kumutu. Tsiku loyamba anandiona ndikubwera nditakumbatira pulani, n'kufunsa, "Mwabwera ndi uthenga wa a hedi, mwana wanga?"

"Ayi bambo, uthengawo ndine ndemwe. Ndabwera kudzayang'anira ntchito."

Amisiri anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Mbewe anandilozera mtengo wa mango. "Chabwino. Khalani pamthunzi apo muziyang'anira."

Pamthunzipo sindinakhalepo. M'mawa uliwonse ankandipeza nditafika kale, nditazungulira khoma lonse. Chimene sindinkachidziwa ndinkafunsa poyera, anthu akumva: chingwe ichi n'chachiyani, simenti ndi mchenga mukuphatikiza motani, chifukwa chiyani khoma mukulithirira madzi. Poyamba ankandiyankha mondiseka, kenaka anayamba kuyankha monyadira, pakuti mmisiri aliyense amakonda kufunsidwa za luso lake. Khoma litafika pamwamba pa mazenera, panafunika kukwera kuti ndione ngati zitsulo zaikidwa monga mwa pulani. Ukumbuke kuti masiku amenewo thalauza linali loletsedwa kwa akazi. Ndinagula magambutsi kumsika, ndinamanga chitenje zolimba pamwamba pa siketi, n'kukwera makwerero amisiri onse atasiya ntchito akuyang'ana. Nditatsika ndinauza a Mbewe kuti pangodya ya kum'mawa zitsulo zaperewera. Anakwera okha kukaona, natsika, n'kutuma anthu kukawonjezera. Kuyambira tsiku limenelo "mwana wanga" anatha, ndinasanduka "achemwali". Iwe uli ndi digiri ndi ovolosi, zimene ine ndinalibe. Koma usakakhale mu ofesi kudikira kuuzidwa. Pita pamalo pa ntchito, kwera, gwira khoma ndi manja ako. Ukumva, Wezi? Kwera.

Nkhondo yanga yoyamba inali ya madzi. Pasukulu ponse panali mpopi umodzi wodalirika, ndipo amisiri ankaufikira m'mamawa ndi migolo yawo. Atsikana ankalowa m'kalasi osasamba, ophika akudandaula, aphunzitsi n'kumati ndagulitsa sukulu kwa a Mbewe. Nditauza amisiri kuti adikire, iwonso anati ndikufuna ntchito ichedwe kuti ndikondweretse anzanga a pasukulu. Sabata yonse ndinali mdani wa mbali zonse ziwiri. Ndinazindikira kuti onse akulimbirana m'mawa, pamene madzulo mpopi umangokhala. Ndinabwereka migolo ina kwa mayi wina wa mpingo wathu wogulitsa zitsulo kumsika, n'kugwirizana ndi a Mbewe kuti anthu awo azidzaza migolo asanaweruke, m'mawa mpopi ukhale wa atsikana. Phokoso linatha ngati silinakhalepo, ndipo palibe amene anandithokoza. Ntchito yako ndi yotero, mwana wanga. Ukakhala pakati pa anthu ophunzitsa ndi anthu omanga, ndipo koleji siyiima chifukwa choti iwe ukugumula khoma. Onse akakamakudandaula, usakalire, kawirikawiri ndiye kuti waima pamalo oyenera. Ukafufuze chimene akulimbiranacho, osati amene wayamba kukalipa.

Kenaka panadza nkhani ya mawaya. Makoma atatha, anthu a pulasitala anali okonzeka, koma wa zamagetsi sankaoneka. Anali ndi ntchito ina yaikulu ku City Centre, ndipo kasukulu kathu ankakakumbukira akafuna. A Mbewe anati, "Achemwali, timate basi. Akabwera adzaswa yekha." Ndinakana. Kumata lero n'kuswa mawa ndi kugwira ntchito imodzi kawiri, ndipo khoma loswedwa silibwerera mwakale. Ndinatumiza mauthenga, osayankhidwa. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinafunsira njira mpaka ndinafika kunyumba kwake. Mwini wake sindinamupeze, koma ndinapeza akazi ake akutong'ola chimanga. Ndinakhala pansi n'kumatong'ola nawo, ndikuwafotokozera za atsikana otsala ku Zomba. Mayiwo anangoti, "Pitani, abwera." Lolemba m'mawa bambo uja anandipeza pansi pa mtengo wa mango, mawaya ali paphewa, nkhope ili ngati ya munthu amene sanapatsidwe mtendere kunyumba. Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse ndinkasonkhanitsa onse pansi pa mtengowo, wa magetsi, wa mapaipi, akalipentala ndi a Mbewe, aliyense anene pamaso pa anzake chimene achite sabata imeneyo ndi chimene akudikira kwa mnzake. Munthu savuta kunamiza iwe uli wekha, koma amachita manyazi kunama pamaso pa amisiri anzake. Usaiwale zimenezi: uziwakhazika pamodzi.

Panalinso tsiku limene ndinakaniza abusa. Anali wapampando wa komiti ya sukulu, munthu amene anandibatiza, amene bambo anga ankavula chipewa akangomva dzina lawo. Anabwera kudzaona ntchito, nakondwa, kenaka anaima pachipinda chachikulu cha kumapeto n'kunena kuti khoma lapakati ligumulidwe, pakhale holo yolandirira alendo a mpingo. A Mbewe anangoyang'ana pansi. Onse ankadikira ine. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu anga sanagwade.

"Abusa, khoma limeneli ndi limene lidzasenze denga. Tikaligumula, tidikira pulani ina, ndipo mvula itipeza. Komanso m'chipinda chimenechi mugona ana amene makolo awo ali ndi makalata athu owalonjeza malo."

Abusa anatembenuka. Kenaka anafunsa a Mbewe, "Zoona zimenezi?"

"Zoona, abusa."

"Ndiye mwangoti chete bwanji, mpaka andiuze mwana?" Anaseka, nandidzutsa ndi dzanja lawo.

Akuluakulu a koleji adzabwera ndi maganizo atsopano ntchito ili pakati, Wezi. Ena ndi abwino, uwalandire. Ena ukawakane mwaulemu, koma uwakane tsiku lomwelo, ufotokoze chimene chiwonongeke ndi amene avutike. Ukavomera chifukwa cha mantha, tsiku lotsegulira likadzalephereka sadzakumbukira kuti ganizo linali lawo.

Tsopano ndifike pa malata, pakuti apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kugonja. Denga lakale tinali titalisasula, mitanda yatsopano itakwera mbali zonse ziwiri, mwezi wa Okutobala uli kumapeto. Atsikana amene analipo kale tinawasamutsira m'makalasi, akugona pansi usiku, m'mawa n'kupinda zofunda kuti aphunzire. Malata mu Lilongwe munalibe. Ofika onse ankapita ku nyumba za boma asanatsitsidwe n'komwe. Ndinayenda masitolo onse a m'tauni yakale, ndinafunsa ogulitsa zitsulo kumsika mmodzimmodzi, yankho linali limodzi. Masana kunkatentha moti phula linkamata ku nsapato, madzulo mitambo n'kumaunjikana cha ku Dedza. Mvula ikanagwa pa makoma omata kumene ndi matabwa osafoleredwa, ntchito ya miyezi yonseyo ikanawonongeka, ndipo ana a ku Zomba akanatsala chaka china. Akalipentala awiri anatopa ndi kudikira n'kupita ku City Centre.

Mayi Chirwa anapeza malata ku Blantyre kudzera mwa anthu a mpingo. Koma lole yowanyamula inasowa. Malole onse a m'dziko muno ankaoneka ngati akusamutsa likulu.

Tsiku lina ndili pamlatho ndinaima kuonerera lole ya boma ikudutsa, makabati ataimikidwa m'mwamba. Ndinadzifunsa kuti, kodi pansi pa makabatiwo pali chiyani? Palibe. Malata ndi opyapyala, amagona pansi osatenga malo. M'mawa mwake ndinakwera basi ya ogwira ntchito kupita ku City Centre, ndinafunsira ofesi yoyendetsa malole osamutsa katundu. Inali m'nyumba imene penti yake inali isanaume, anthu akulowa pamatabwa oyalidwa pamatope. Pakhomo anandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira mpaka anthu anapita kukadya, nabwerako. Kenaka munatuluka mnyamata wowonda wa tayi yopyapyala, nandipatsa moni wa kwawo, "Monire," asanakumbuke kuti ali ku Lilongwe. Anati dzina lake ndi Mhango, ndiye amakonza za maulendo a malole.

Ndinafotokoza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Achemwali, mukudziwa chimene mukupempha? Katundu wosakhala wa boma pa lole ya boma. Munthu akhoza kutha nazo ntchito, mwinanso kuposa pamenepo."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinapite kwa dalaivala kumbali. Ndabwera pakhomo, masana. Ndiperekezeni kwa amene angavomere kapena kukana."

Anandiyang'ana magambutsi, nayang'ana nkhope, n'kunena, "Tiyeni."

Bwana wawo anali bambo wa imvi, wotanganidwa, amene sanandiuze n'komwe kuti ndikhale. Sindinayambe ndi malata. Ndinawafunsa kuti m'maofesi awo muli anthu angati amene ana awo aakazi anatsala ku Zomba. Anasiya kulemba. Anati sakudziwa, koma sabata iliyonse wina amapempha tchuthi kuti akaone mwana, ndipo ntchito imaima. Ndinati, "Bwana, mwasamutsa matebulo ndi makabati, koma mitima ya anthu anu idakali ku Zomba. Ndithandizeni kufolera nyumba imodzi, ndikubweretsereni ana awo." Anafunsa a Mhango ngati malata angawononge makabati. A Mhango anati ayala masaka pakati. Bwana uja analemba chilolezo, nadinda, n'kunena osandiyang'ana, "Mtsikana iwe, ukadzatopa ndi sukuluyo udzabwere kuno."

Wezi, chinthu chikasowa usangoyang'ana kumene aliyense akuyang'ana. Ndipo ukapeza njira, uilowere pakhomo. Ndikanapangana ndi dalaivala mwamseri, malata akanabwera, koma ndikanakhala wamantha moyo wanga wonse. Upite kwa mwini mphamvu, umuonetse kuti vuto lako ndi lakenso. Pakhomo, mwana wanga, masana.

Lole inanyamula malata ku Blantyre, inadzera ku Zomba kukasenza makabati, n'kufika kuno madzulo a Lachisanu. Inayamba yakatsitsa katundu wa boma, kenaka inalowa pachipata cha sukulu a Mhango ali kutsogolo, akuti abwera kudzaonetsetsa kuti masaka abwezedwa. Atsikana anatuluka m'makalasi akuthamanga, Mayi Chirwa osawaletsa. A Mbewe anali atakatenga akalipentala achikulire kwawo ku Nathenje, anthu amene anali atasiya kale ntchito za m'tauni. Loweruka kutangocha nyundo zinayamba kulira. Makolo ena a ku Area 9 kuno ndi madera ena atsopano anamva, nabwera atavula masuti, n'kumapatsira malata m'mwamba. Aphunzitsi omwe aja ankandinena za mpopi ankatunga madzi akumwa a amisiri. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndinaziona ndi maso, mitu yambirimbiri pansi pa denga lenileni.

Mvula inafika tikukhoma mzere womaliza. Kunayamba mphepo ya fumbi, kenaka madontho akuluakulu. Akalipentala sanatsike mpaka msomali womaliza utalowa. Tonse tinathamangira m'kati, ndipo mvula inagwa ngati yakwiya kuti taichenjerera. Phokoso la pamalata linali loti munthu sungamve mnzako. Ine ndinayenda chipinda ndi chipinda nditayang'ana kumwamba, manja nditatambasula, kufunafuna dontho. Sindinalipeze. Nditabwerera kwa anzanga, a Mbewe anavula chipewa chija, koyamba chionereni, n'kufuula m'khutu mwanga, "Abwana, nyumba yanu iyi." Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira ku bafa imene inali isanalowe madzi.

Teremu yatsopano itayandikira, atsikana a ku Zomba anafika ndi masutikesi awo achitsulo, makolo akuwachingamira pachipata. Ndinaona bambo wina wamkulu wa ku unduna atasenza yekha sutikesi ya mwana wake pamutu, tayi ili pambali, akuseka ngati mwana. Pa tsiku lotsegulira panali abusa, akuluakulu a mpingo ndi alendo a boma. Mlendo wolemekezeka anapatsidwa mulu wa makiyi, nayesa iyi, nayesa iyo, chitseko osatseguka. Anthu anayamba kutsokomola. Mayi Chirwa anatembenuka, nanena mokweza, "Nyabanda, bwera utsegule nyumba yako." Ndinadutsa pakati pa anthu onsewo, ndinatenga kiyi yake osayang'ana kawiri, n'kutsegula. Amayi a mpingo analulutira mpaka mbalame zinathawa mu mtengo wa mango.

A Mhango aja anapitiriza kubwera kudzafunsa za masaka, ngakhale tinali titabweza onse. Ndi amene ali pakhondewa. Ndawawerengera ndime imeneyi, akuti ndikuuze kuti saka limodzi silinabwezedwe mpaka lero, ndipo akudikirabe.

Pambuyo pake ndinayang'anira nyumba zina, laibulale, makalasi, nyumba za aphunzitsi, mpaka ndinapuma. Koma iwe ukupita ndi zambiri kuposa zimene ine ndinayamba nazo. Ukudziwa kuwerengera kulemera kwa denga, ine ndinkangodalira maso ndi mafunso. Chimene sukulu sinakuphunzitse ndi anthu, ndipo chimenecho ukachiphunzira pamalo pa ntchito. Amisiri uziwapatsa moni ndi mayina awo. Wina akavulala, usiye zonse upite naye kuchipatala wekha. Ntchito yoipa uikane ikadali yaiwisi, simenti isanaume. Ku Mzuzu mvula ndi yambiri ndipo imachedwa kusiya, choncho usakasasule denga la munthu usanaone malata atsopano ndi maso ako, atatsitsidwa, ali pamalopo. Kutchalitchi uzipita, ndipo ukapeze azakhali a abambo ako ku Ekwendeni, akudikira kuti akamve ngati Chitumbuka chako chakula.

Padzakhala masiku amene udzafune kukwera basi kubwerera kuno. Ukatero tidzakulandira, tidzakuphikira, m'mawa mwake ine ndemwe ndidzakuperekeza ku depoti.

Ndamva geti likulira, ndiye kuti wafika. Kalatayi ndiika m'thumba la chikwama chako, uiwerenge basi ikadutsa Kasungu. Pita ukamange, Nyamhango. Ukadzamaliza nyumba yako yoyamba usadzandifotokozere pa foni. Udzanditumizire uthenga mvula ikayandikira, ndidzabwere ndidzaime m'kati mwake, nditambasule manja.

Ndine mayi ako,
Nabanda.